Chuku cha M'chimanga ndi Nsima ya Tsiku ndi Tsiku

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2024, nduna ya za umoyo ya dziko la Zambia, a Elijah Muchima, analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anali atafa m'mwezi umodzi wokha atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga. Akatswiri a boma atatapa ufa m'zigayo zikuluzikulu ndi kukaupima, anapeza kuti pa zitsanzo 25, pafupifupi theka linali ndi poizoni wotchedwa aflatoxin wopitirira muyezo. Ufa wina unachotsedwa m'masitolo. Chaka chimenecho chinali cha chilala chomwe chinapsereza minda ku Zambia, Zimbabwe, Malawi ndi Mozambique, kotero kuti odziwa khalidwe la chuku sanadabwe kwenikweni.

Nkhaniyi inamveka chifukwa chakuti ufawo unali wa m'matumba olembedwa dzina, wochokera m'zigayo zomwe boma lingathe kuziyendera. Komatu chimanga chochuluka chimene anthu a m'chigawo chino amadya sichidutsa m'manja mwa wopima aliyense. Chimachoka kumunda n'kulowa m'nkhokwe kapena m'thumba la kuseri kwa chitseko, kenaka kuchigayo cha pamudzi, n'kukathera mumphika. Ndipo amachidya tsiku ndi tsiku, kawiri kapena katatu, kuyambira pa phala la khanda mpaka pa nsima ya nkhalamba.

Chuku cha mitundu iwiri

Mawu akuti chuku amakuta tizomera tambirimbiri ta m'gulu la bowa, koma pa chimanga ofufuza amadera nkhawa kwambiri mitundu iwiri. Woyamba ndi Aspergillus flavus, umene umakhala m'nthaka ndipo umaoneka ngati fumbi lobiriwira mopita kuchikasu pa chisononkho. Umakonda kutentha. Chimanga chikafooka ndi ng'amba pa nthawi yomwe chikukhwima, kapena njere zikaboola kapuchi ndi mbozi zina, chukuchi chimapeza polowera. Ndipo chimanga chikasungidwa chisanaume bwino, chimapitiriza kukula m'nkhokwe momwemo. Poizoni wake anadziwika m'chaka cha 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Dzina loti aflatoxin linapangidwa kuchokera ku dzina la chukucho.

Mtundu wachiwiri ndi Fusarium verticillioides. Uwu ndi wobisala, pakuti umatha kukhala m'kati mwa phesi ndi njere popanda chizindikiro chilichonse. Ukaonekera, njere zimachita ufa woyera kapena wofiirira, kapena timizere toyera tochokera pamutu pa njere. Poizoni wake, fumonisin, amapangika makamaka chimanga chikali m'munda. Anamutulukira m'chigawo chino chomwe: m'chaka cha 1988, gulu la ofufuza a bungwe la Medical Research Council ku South Africa, lotsogozedwa ndi a Walter Marasas, linamupatula kuchokera ku chuku cha pa chimanga cha ku Transkei. Anali akufunafuna chifukwa chomwe khansa ya kummero inali yochuluka m'maboma a Centane ndi Butterworth kusiyana ndi ku Bizana, chonsecho onse ndi anthu odya chimanga cholima okha.

Ku Malawi, kafukufuku wa a Limbikani Matumba ndi anzawo anasonyeza kuti mapoizoni amenewa amatsata nyengo ya dera: aflatoxin amachuluka m'zigwa zotentha monga chigwa cha Shire, pamene kumapiri kozizira ndi konyowa kumachuluka mapoizoni a chuku cha Fusarium. Nthawi zambiri thumba limodzi limakhala ndi onse awiri.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimapusitsa anthu. Choyamba, poizoni alibe fungo ngakhale kakomedwe kake, ndipo njere yooneka bwino ingathe kukhala naye. Chachiwiri, moto wa pamafuwa sumupha. Madzi amawira pa madigiri 100, koma kuti aflatoxin awonongeke pamafunika kutentha kopitirira madigiri 200. Nsima yothyakulidwa bwino, yopsa ndithu, imafika pambale ili ndi pafupifupi poizoni yense amene anali mu ufa.

Pamene amapha msanga

M'chaka cha 2004, kum'mawa kwa dziko la Kenya kunagwa ng'amba, kenaka mvula inabwera pa nthawi yokolola. Achikumbi a m'maboma a Makueni ndi Kitui analowetsa chimanga m'nyumba chili chachinyezi. Posakhalitsa zipatala zinayamba kulandira anthu a maso achikasu, otupa mimba ndi miyendo, osanza, ziwindi zitaleka kugwira ntchito. Odwala amene anawerengedwa anali 317, ndipo 125 mwa iwo anamwalira. Ofufuza atagula chimanga ndi ufa m'misika ya m'maderawo, anapeza kuti zitsanzo 55 pa 100 zilizonse zinali zopitirira muyezo wa nthawiyo wa mamaikulogalamu 20 pa kilogalamu, ndipo 7 pa 100 zilizonse zinali zoposa 1,000. Zoterezi zinachitikanso ku Tanzania m'chaka cha 2016, m'zigawo za Dodoma ndi Manyara, kumene anthu 68 anadwala ndipo 20 anamwalira. Kumeneko chimanga cha m'nyumba za odwalawo chinapezeka ndi aflatoxin ndi fumonisin pamodzi.

Maikulogalamu ndi muyezo wochepa zedi. Maikulogalamu imodzi pa kilogalamu ikufanana ndi njere imodzi ya chimanga m'matumba 6,000 a makilogalamu 50. Poizoni wowerengedwa ndi muyezo wotere ndiye anapululutsa mabanja ku Makueni.

Miliri yotereyi imamveka patali, koma siichitika kawirikawiri. Chiopsezo chachikulu chili mu poizoni wochepa wodyedwa kwa zaka zambiri, amene sagwetsa munthu lero ngakhale mawa.

Pamene amapha pang'onopang'ono

Aflatoxin akalowa m'thupi amapita kuchiwindi, ndipo chiwindi poyesa kumuphwanya chimamusandutsa chinthu chomwe chimamatirira ku DNA, malangizo amene maselo amatsata pogawikana. Malangizowo akasokonekera, khansa imatha kuyamba. Bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika aflatoxin m'gulu loyamba, la zinthu zomwe zatsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Umboni wina wakale unachokera kuchigawo cha Inhambane ku Mozambique, komwe ofufuza a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 anapeza khansa ya chiwindi yochuluka modabwitsa, ngakhale mwa anyamata, pamodzi ndi aflatoxin wambiri m'zakudya zophikidwa m'makomo. M'chaka cha 1991 kunapezeka kuti zotupa za odwala a kumwera kwa Africa ndi a ku Qidong m'dziko la China zinali ndi chilema chofanana pa malo amodzimodzi a DNA, ngati chidindo cha poizoniyo.

Vuto limakula munthu akakhala ndi kachilombo ka hepatitis B, kamene kamatupitsa chiwindi ndipo n'kofala mu Africa. Kachilomboko pakokha n'koopsa, aflatoxin payekha ngoopsa, koma zikakumana m'chiwindi chimodzi chiopsezo sichingophatikizana, chimachulukitsana. Akatswiri amawerengera kuti mphamvu ya aflatoxin yoyambitsa khansa imakhala pafupifupi ka 30 mwa munthu wokhala ndi kachilomboko. Kafukufuku wa a Yan Liu ndi a Felicia Wu wa m'chaka cha 2010 anayerekeza kuti pa dziko lonse aflatoxin amakhudzidwa pa odwala khansa ya chiwindi pakati pa 25,200 ndi 155,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo a mu Africa ndi Asia. N'chifukwa chake katemera wa hepatitis B, amene South Africa inayamba kupereka kwa makanda mu 1995 ndipo Malawi mu 2002, ali mbali ya nkhondo yolimbana ndi chuku, ngakhale kuti amaperekedwa kusikelo osati kumunda.

Za fumonisin nkhani siinafike pamapeto. N'zodziwika kuti amafewetsa ubongo wa akavalo, amadzaza madzi m'mapapo a nkhumba, ndipo amayambitsa khansa mwa makoswe a m'nyumba zofufuzira. Mwa anthu, IARC inamuika m'gulu la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa. Malawi ali m'gulu la mayiko okhala ndi khansa ya kummero yochuluka kwambiri pa dziko lonse, koma nthendayi ili ndi oganiziridwa ambiri: fodya, kachasu, utsi wa nkhuni, zakumwa zotentha kwambiri. Kunena kuti fumonisin ndiye yekha wolakwa kungakhale kupitirira umboni. Kumuchotsa pa mndandanda kungakhalenso kufulumira.

Masamu a m'mbale

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kuopsa kwa poizoni sikuyezedwa ndi kuchuluka kwake mu kilogalamu ya ufa kokha ayi, komanso ndi kuchuluka kwa ufa umene munthu amadya. Komiti ya akatswiri a FAO ndi WHO inagamula mu 2001 kuti munthu asalandire fumonisin woposa mamaikulogalamu 2 patsiku pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa thupi lake. Munthu wolemera makilogalamu 60, ndiye kuti malire ake ndi 120 patsiku. Tsono mu 2014 bungwe la Codex Alimentarius, lokhazikitsa miyezo ya zakudya pa malonda a pakati pa mayiko, linavomereza ufa wa chimanga wokhala ndi fumonisin mpaka 2,000 pa kilogalamu.

Kwa munthu wa ku Ulaya wodya magalamu 20 a chimanga patsiku, ufa wofika pa malire amenewa umamupatsa 40, ndipo ali pabwino. Koma mlimi wodya magalamu 400 a ufa patsiku, chomwe sichachilendo m'midzi ya kuno, amalandira 800 kuchokera mu ufa womwewo, kuposa ka 6 muyezo wa thupi lake, chonsecho ufawo ndi wovomerezeka ndi lamulo. Kuti iye akhale m'malire, ufa wake suyenera kupitirira 300 pa kilogalamu. Miyezo ya malonda inapangidwa poganizira mbale za anthu a mayiko ambiri pamodzi, ndipo mbale ya wodya nsima, sadza kapena ugali kawiri patsiku siinakwane bwino m'menemo. Kunena za aflatoxin, akatswiri sanaike n'komwe muyezo wa patsiku woti munthu angalandire mopanda nkhawa, popeza chinthu chowononga DNA chilibe mlingo wodalirika. Chomwe amalangiza n'kumuchepetsa mmene kungathekere. Mayiko amasiyana: Ulaya amalola 4 pa kilogalamu m'chakudya cha chimanga, mayiko a kum'mawa kwa Africa 10, United States 20.

Masamu amenewa amafika poipa pa mwana. Mwana wa makilogalamu 10 malire ake a fumonisin ndi 20 patsiku, ndipo magalamu 100 a ufa wa phala okhala ndi 200 pa kilogalamu akwanitsa kale malirewo. Ku Rombo, m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro, kafukufuku wofalitsidwa mu 2010 anapeza kuti makanda amene phala lawo linkawapatsa fumonisin wopitirira muyezo anali afupi ndi sentimita 1.3 ndiponso opepuka ndi magalamu 328 pofika chaka chimodzi, poyerekeza ndi anzawo. Ku Benin ndi Togo, mu 2002, ana 99 pa 100 alionse mwa ana 480 amene anayezedwa anali ndi chizindikiro cha aflatoxin m'magazi, ndipo chinali chokwera mwa ana opinimbira ndi mwa oletsedwa kuyamwa. Ngati chuku ndicho chimapinimbiritsa, kapena umphawi ndiwo umabweretsa zonse ziwiri, akatswiri akutsutsanabe: kuyesa kwina kwa ku Kenya, komwe mabanja ankawasinthira chimanga choipa ndi chabwino, kunatsitsa poizoni m'magazi a ana koma sikunasinthe msinkhu wawo pomaliza pa kafukufukuyo. Chosatsutsika n'chakuti poizoniyu amadutsa kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana ali m'mimba, ndipo wina amatulukira mu mkaka wa m'mawere, ngakhale kuti wa mu mkaka ndi wochepa kutalitali poyerekeza ndi wa m'phala. Mwana woyamwa ndi wotetezeka kuposa woletsedwa msanga.

Lichero ndi mtondo

Poizoni sagawikana mofanana m'thumba. Njere zochepa zowola, zosweka, zofumbwa kapena zosintha mtundu ndizo zimasenza mbali yaikulu, ndipo ichi ndicho chimapatsa mphamvu mayi wokhala pamphasa ndi lichero. Ku Centane, amayi ataphunzitsidwa kusankha njere ndi kuzitsuka m'madzi asanaphike, fumonisin wa m'chimanga anatsika ndi magawo 84 pa 100 alionse. Ku Malawi, a Matumba ndi anzawo atayerekeza kusankha ndi manja, kutsuka ndi kukonola, anapeza kuti kusankha ndiko kunaposa zonse, kuchotsa magawo oposa 90 pa 100 alionse a aflatoxin ndi fumonisin. Palibe makina a mtengo wofikirika pamudzi amene angafanane ndi maso ndi zala za munthu pa ntchito imeneyi.

Kakonzedwe ka ufa woyera nako kali ndi nzeru yake. Poizoni wambiri amakhala m'khungu la njere ndi m'kamtima kake, choncho kukonola ndi kupeta kumamuchotsera m'gaga. Kuviika mphale kwa masiku awiri kapena atatu ndi kutaya madziwo kumachotsanso wina, makamaka fumonisin amene amasungunuka m'madzi. Amayi amene ankasinja mumtondo sankadziwa dzina la aflatoxin, koma ufa wawo unkatuluka ndi poizoni wochepa kusiyana ndi chimanga chomwe analowetsa.

Pamenepa alangizi a za malimidwe ndi a za kadyedwe ayenera kumvana. Kwa zaka zambiri amayi akhala akuuzidwa kuti mgaiwa ndiwo wopatsa thanzi, ndipo n'zoona, pakuti m'gaga muli mafuta, mavitamini ndi mchere wofunika m'thupi. Koma mgaiwa wa chimanga chosasankha umafikitsa poizoni yense m'phala la mwana. Uphungu woti "dyani mgaiwa" ukaperekedwa wopanda mnzake woti "yambani mwasankha" ndi uphungu wa theka.

Funso limene kafukufuku wambiri amalidumpha ndi ili: nanga njere zosankhidwazo zimapita kuti? Pakhomo la munthu wosauka chakudya sichitayidwa. Zina amafululira mowa, ndipo masese a m'midzi ya ku Malawi atapimidwa anapezeka ndi aflatoxin ndi fumonisin. Kusasa kwa mowa sikuwapha. Zina, pamodzi ndi gaga, amapatsa nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe za mkaka. Nkhuku zimachepetsa mazira ndi kukula mochedwa, ndipo ng'ombe imabweza gawo la poizoniyo mu mkaka. Zina amaziika padera kuti adzaone, ndipo Januwale ndi Febuluwale akafika nkhokwe itagona, zimabwerera kuchigayo. M'njala ya 2002 ku Malawi mabanja ambiri anapulumukira nsima ya gaga weniweniyo. Pa msika zimachitika chimodzimodzi: wogula wamkulu akakana thumba, thumbalo silitenthedwa koma limatsika mtengo, ndipo woligula ndi uja wa ndalama zochepa. Kukhwimitsa miyezo pa katundu wopita kunja, popanda njira yowonongera kapena yogwiritsira ntchito ina chimanga chokanidwa, kumangosamutsira poizoni m'mbale za amphawi.

Kumunda ndi pouma

Zoteteza kumunda sizachilendo kwa mlimi: kubzala ndi mvula yoyamba kuti chimanga chikhwime ng'amba isanafike, kusankha mbewu yopirira chilala ndi yotseka bwino makoko kunsonga, kuthira manyowa, ndi kulimbana ndi mbozi. Ngozi yaikulu ili pakati pa kukolola ndi kusunga. Mikukwe yogwa pansi, zisononkho zounjikidwa padothi, ndi kutonola pomenya thumba ndi ndodo mpaka njere kusweka, zonsezi n'kuitana chuku. Chimanga chiyenera kuuma pa mphasa, pa lona kapena pa thandala mpaka chinyezi chitsike kufika pa magawo 13 pa 100 alionse. Wopanda chida choyezera angathe kuika njere m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma ndi kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Matumba osalowa mpweya monga a PICS amapha anankafumbwe popanda mankhwala ndipo amaletsa chuku kukula, koma sachotsa poizoni amene analowa kale, ndipo safuna chimanga chachinyezi.

Bungwe la IITA, mogwirizana ndi ofufuza a ku United States ndi a m'mayiko a kuno, linakonza Aflasafe, yemwe ndi njere za mapira zopakidwa mitundu ya Aspergillus flavus yosapanga poizoni, yotengedwa m'nthaka ya dziko lomwelo. Mlimi amawaza makilogalamu 10 pa hekitala patatsala milungu iwiri kapena itatu kuti chimanga chimasule ngayaye, ndipo chuku chofatsacho chimalanda malo a chaukali. M'minda yoyesera aflatoxin amatsika ndi magawo 80 pa 100 alionse kapena kuposa. Mitundu yake inavomerezedwa ku Kenya, Tanzania, Zambia, Mozambique ndi Malawi. Chovuta n'chakuti sakhudza fumonisin, ndipo mlimi wolima chakudya cha pakhomo amavutika kuona chifukwa chogulira chinthu chosachulukitsa matumba, pamene msika wa pafupi sulipira kanthu pa chimanga chopanda poizoni.

Ku Qidong kuja, kumene khansa ya chiwindi inali mliri, chinasintha zinthu sichinali mankhwala. Malamulo a za malonda atamasuka m'zaka za m'ma 1980, anthu anasiya kudalira chimanga nayamba kudya mpunga. Chizindikiro cha aflatoxin m'magazi mwawo, chomwe chinali chokwera mu 1989, chinali chitatsala pang'ono kuzimirira pofika 2009, ndipo imfa za khansa ya chiwindi zinatsika ndi pafupifupi magawo 45 pa 100 alionse, ngakhale mwa anthu amene anabadwa katemera wa hepatitis B asanafike.

Palibe amene angayembekezere kuti chigawo chino chisiye nsima. Koma masamu aja amagwiranso ntchito mobwerera. Munthu amene m'mawa wadya mbatata kapena chinangwa, natsitsa ufa wake wa patsiku kuchoka pa magalamu 400 kufika pa 250, wachepetsa poizoni kuchoka pa 800 kufika pa 500 ngakhale ufawo uli womwewo. Mapira ndi mawere, zomwe zinkadyetsa madera ouma chimanga chisanafale, nthawi zambiri zimapezeka ndi fumonisin wochepa. Mtedza wokha ndiwo wofunika kuusamala: umagwidwa ndi Aspergillus flavus kuposa chimanga, ndipo nsinjiro zothira m'phala la mwana kawirikawiri zimasinjidwa kuchokera ku mtedza wonyala ndi wosweka umene unatsala atagulitsa wabwino.